Khonsolo yafuna satifiketi ya mpanda wa dziwe losambira ku Melbourne, tiyambire pati?

Wamipanda wa ku Werribee:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Kasitomala wagula nyumba yokhala ndi dziwe losambira, ndiye khonsolo yamulembera kuti akapereke satifiketi ya mpanda. Akuti dziwelo ndi la m'2013 koma mapepala alibe. Mbali zitatu kuli mpanda wa aluminiyamu, yachinayi ndi mpanda wamatabwa wa m'malire ndi aneba, ndipo m'tsinde mwake anathiramo dothi nkudzala maluwa. Geti imadzitsekera pokhapokha ukaikankha mpaka kumapeto. Ndikonze ziti insipekitala asanafike?

Mayi a zamapepala, Dandenong:
Achimwene, tepi yoyezera ikhale kaye m'thumba. Yambani ndi kalata yomwe khonsolo imapereka dziwe likalembetsedwa. Kuno ku Victoria, chigawo cha Australia komwe kuli Melbourne, kuchokera pa 1 Disembala 2019, dziwe kapena spa (bafa lalikulu la madzi ofunda) iliyonse yotha kusunga madzi akuya kuposa mamilimita 300 imayenera kulembetsedwa ku khonsolo, ngakhale lija lochita kulumikiza nkudzalichotsanso ngati likhala chiimire masiku atatu otsatizana. Polembetsapo khonsolo ndiyo imagamula tsiku lomwe dziwelo linamangidwa ndi muyezo womwe mpanda wake uyesedwe nawo. Mwini nyumba apemphe kope la kalatayo.

Chaka mwatchulachi nchovuta. Maiwe a pakati pa 1 Meyi 2010 ndi 30 Epulo 2013 amayesedwa ndi muyezo wa mipanda ya maiwe wotchedwa AS 1926.1-2007, a kuyambira pa 1 Meyi 2013 ndi AS 1926.1-2012. "Cha m'2013" si yankho. Mukangoganizira nokha mutha kugula zipangizo zosafunika, kapena kusiya chomwe insipekitala akudzafuna.

Kalipentala wa ku Frankston:
Mayi anena zoona. Tiyerekeze kuti kalatayo yati muyezo wa 2012, popeza ndi womwe timakumana nawo kawirikawiri. Mpanda wa aluminiyamu utalike mamilimita 1200 poyeza kunja, kuchokera pomwe pali nthaka lero, osati pomwe inali tsiku lomanga. Anthu amayala njerwa kapena kuthira timiyala pambuyo pake, mpanda nkufupika osadziwa. Mpata wa pansi usapose 100, pakati pa zitsulo zoimirira usaposenso 100. Zitsulozo muzikankhe ndi dzanja chimodzichimodzi, chifukwa chomwe chamasuka chimatseguka kuposa momwe chikuonekera.

Koma ntchito yeniyeni ili pa mpanda wa m'malirewo. Umafunika 1800 poyeza mbali ya dziwe, ndipo dothi la maluwalo ladya kale msinkhu. Likakhala lakwera 300, mpanda wa 1800 wasanduka wa 1500, walephera basi. Chotsika mtengo ndi kuchotsa dothilo ndi fosholo. Apo ayi onjezani matabwa pamwamba, koma mukambirane ndi aneba popeza mpandawo ngwa onse awiri. Kenako onani mitanda yopingasa. Ikakhala mbali ya dziwe, mtanda uliwonse womwe uli m'kati mwa mamilimita 900 kuchokera pamwamba ndi popondera pa mwana wotsika kuchokera kwa aneba. Timakhomerapo thabwa losemedwa motsetsereka madigiri 60 kuti phazi lisapeze pokhala. Likhomeni ndi masikuluwu mtanda wonse, osasiya mpata pafupi ndi nsanamira.

Wamipanda wa ku Werribee:
Zikomo akulu. Mitandayo ilidi mbali ya dziwe. Nanga geti, ndingomangitsa sipuling'i?

Wokonza mageti, Geelong:
Yesani kumangitsa, koma muyambe mwadziwa chomwe chikudwala. Insipekitala satsegula geti yonse ayi. Amaitsegula pang'ono, mwinanso kungoigoneka pa latch (kachitsulo kokhomera geti), nkuisiya. Iyenera kudzitsekera ndi kudzikhoma yokha kuchokera paliponse popanda kuikankha, ndipo izitsegukira kunja, osati ku dziwe.

Ikamakana pa mpata waung'ono, zifukwa zimakhala izi: sipuling'i ya m'mahinji yatha mphamvu, nsanamira yapendekeka ndiye latch sikulunjikana ndi pokolera pake, kapena pansi pa geti pakukhuza njerwa. Ikani levulo pa nsanamira musanakhudze mahinji. Ngati nsanamira ikugwedera, kumangitsa sipuling'i nkungodzinamiza, pakatha mwezi vuto labwerera. Mahinji onse awiri muwamangitse mofanana, ndipo akakhala otopa sinthani onse, osati limodzi. Hinji lotuluka kuposa mamilimita 10 limawerengedwa ngati popondera, choncho livekeni kachipewa kotsetsereka.

Potsegulira latch pakhale 1500 kuchokera pansi. Ikakhala yotsika, iyenera kukhala mbali ya dziwe, yotsika ndi 150 kapena kuposa kuchokera pamwamba pa geti, komanso yotchingidwa mamilimita 450 kuzungulira kuti mwana asapisepo dzanja. Kunena zoona, kugula latch ya maginito yokokera m'mwamba nkosavuta kusiyana ndi kulimbana ndi zotchingazo.

Kalipentala wa ku Frankston:
Musaiwale zozungulira mpanda. Miphika ya maluwa, mpope wamadzi, choochera nyama, nthambi, bokosi la pampu, chilichonse chopondeka m'kati mwa 900 kunja kwa mpanda chichoke. M'kati namonso siyani 300 popanda kanthu, chifukwa mwana amapisa phazi pakati pa zitsulo. Ngati khoma la nyumba lili mbali ya mpanda, zenera lotsika loyang'ana ku dziwe lisatseguke kuposa 100, ndipo chotchingira chake chikhale chomanga ndi masikuluwu, osati loko wa kiyi. Chitseko chotulukira ku dziwe mwachindunji sichiloledwa pa maiwe a panja omangidwa kuyambira pa 1 Meyi 2010.

Wamipanda wa ku Parramatta:
Chikwangwani cha CPR, chophunzitsa kutsitsimutsa munthu amene wasiya kupuma, bwanji simukuchitchula? Komanso satifiketi imatha pa zaka zitatu.

Mayi a zamapepala, Dandenong:
Amenewo ndi malamulo a kwanu kuchigawo cha New South Wales, bambo, komwe mumalembetsa pa kaundula wa boma pa intaneti. Kuno satifiketi ndi Form 23, imaperekedwa ku khonsolo pasanathe masiku 30 chiilembereni, ndipo kuyendera kumabwerezedwa zaka zinayi zilizonse. Masiku 30 akadutsa pepalalo khonsolo sililandira, kasitomala alipiranso insipekitala. Amene amasaina ndi building surveyor (katswiri woona za malamulo a zomangamanga) kapena insipekitala wolembetsedwa, osati ife omanga.

Mpanda ukalephera, insipekitala atha kupereka masiku osapitirira 60 okonzera. Akaona kuti ngozi yake njaikulu amalemba Form 24, pepala lonena kuti mpanda walephera, nthawi yomweyo nkutumiza ku khonsolo, ndipo pamenepo pali ndalama ina yolipira. Achimwene a ku Werribee, kusintha mahinji ndi latch nkukonza chabe, koma mukafuna kusuntha mzere wa mpanda kapena kumanga gawo latsopano, funsani kaye za chilolezo chomangira (building permit) musanapereke mtengo.

Wamipanda wa ku Werribee:
Ndamva. Mawa kasitomala aimbira khonsolo za kalatayo, ine ndikayeza msinkhu pamalo pali maluwapo ndi kuika levulo pa nsanamira ya geti. Mtengo ndipereka kalata ikafika.