Vuto la Corolla yonjenjemera ija lapezeka

Sabata ziwiri zapitazo ndinafunsa za Toyota Corolla yanga ya injini ya 1NZ-FE. Ikangoima pa maloboti, singano ya rev imatsika mpaka 500 kenako n'kukweranso, galimoto yonse n'kumanjenjemera. Ambiri munati ndigule sensa ya MAF (yoyeza mpweya wolowa mu injini) yatsopano. Zikomo, koma sensayo inalibe mlandu.

Amakaniko atalumikiza kompyuta yawo, inaonetsa code (nambala ya vuto) ya P0171, kutanthauza kuti mpweya ukuchuluka kuposa petulo. Sensa tinaitsuka, koma injini osasintha. Ndiye akuluwo anayamba kupopera carb cleaner (mankhwala otsukira kabureta) pang'onopang'ono pa mapaipi, injini ikulira. Atafika pa paipi ya rabala yochokera ku air filter kupita ku throttle body (chitseko cholowetsa mpweya mu injini), kaliridwe kanasintha pompo. Titaipinda, tinapeza mng'alu wautali ngati chala, utabisala m'makwinya a pansi. Ndi maso okha simungauone.

Mpweya wolowera pamenepo sudutsa pa sensa, choncho kompyuta ya galimoto imapereka petulo wochepa.

Paipi tasintha, code tafufuta. Singano tsopano ili phee cha pa 700, ndipo nyali ya check engine sinayakenso ngakhale nditapita ku Zomba n'kubwerera.