Mabuku a Willard Price: ndimupatse mwana kapena ndiwasunge kaye?

Mayi_a_Chiko walemba:

Moni nonse abale anga. Loweruka lapitali ndinagula mabuku atatu kwa anyamata oyala mabuku akale pansi aja mtawuni, Elephant Adventure, Safari Adventure ndi Gorilla Adventure, onse wolemba ndi Willard Price. Mwana wanga ali Sitandade 6 ndipo nyama ndiye amazikonda koopsa, akangoona mkango pa TV ngakhale nsima imazizira, koma buku kugwira ayi ndithu, nde ndinati mwina awa amukoka. Ndisanamupatse ndinati ndiyambe ndaona ndekha, ndawerenga la njovu lija mausiku awiri ndipo nkhani ndiyokoma sindinama, koma mtima wanga sukukhazikika chifukwa anyamata a mmenemo ntchito yawo ndi kugwira nyama kutchire kuno ku Africa kukazigulitsa kuma zuu akunja, komanso mmene anthu akuda akuonekera mmenemo penapake pakundiwawa. Alipo anawawerengapo? Bamboyu anali ndani? Ndimupatse mwanayu kapena ndiyambe ndadikira akule?

Aphunzitsi_Opuma ayankha:

Zikomo mayi a Chiko, mwandikumbutsa kutali. Ine ndinawawerenga ndili mnyamata ndipo nditayamba uphunzitsi ndinkawabwereketsa kwa ana a mkalasi mwanga mpaka zikuto kuthothoka. Price anabadwa mu 1887 ku Peterborough ku Ontario dziko la Canada, koma anakulira ku America ndipo anamwalira mu 1983 ku California. Zaka zake zambiri sankalembera ana ayi, anali mtolankhani woyendayenda, ankalembera magazini ngati National Geographic, anakhalitsa ku Japan mzaka za mma 1930 nkulemba mabuku a akuluakulu okhudza dzikolo. Loyamba la ana, Amazon Adventure, linatuluka mu 1949 iye ali kale ndi zaka zopitirira 60, nde ganizani munthu kuyamba ntchito yatsopano pa msinkhu umene anzake akupuma, nkupitiriza mpaka Arctic Adventure mu 1980 atadutsa zaka 90. Onse pamodzi alipo 14.

Anyamata aja ndi Hal ndi mng'ono wake Roger Hunt, bambo awo John Hunt ali ndi bizinesi yosunga ndi kugulitsa nyama ku Long Island. Chomwe ndimachikonda ine ndi luso lake, mwana amaphunzira osadziwa kuti akuphunzira, tsamba lino njovu yakwiya mtima uli mmwamba, tsamba linalo wamva kale mmene chitamba chimagwirira ntchito, ndipo chaputala chilichonse chimathera poti sungagone usanatsegule chinacho. Ndinali ndi ana amene sankatha kumaliza ndime imodzi ya Chingerezi koma chifukwa chofuna kudziwa ngati Roger apulumuke anamaliza buku lonse, ena mpaka kumabwera kudzafunsa matanthauzo a mawu pa buleki. A ku Africa alipo asanu otsatizana, African Adventure 1963, la njovu 1964, Safari 1966, Lion Adventure 1967, la gorila 1969. Mupatseni mayi, koma muyambe ndi Safari chifukwa mmenemo anyamata aja akulimbana ndi opha nyama mozembera ku Tsavo ku Kenya, misampha ya waya ndi minyanga zili mmenemo, zinthu zoti mwana wa kuno azizindikira.

Mphwake_wa_Kumudzi wayankha:

Aphunzitsi ulemu wanu, za luso sindikutsutsa, nane la mikango ndinaliwerenga ndili Fomu 1 pa nyali ya koloboyi. Koma zomwe mayi akunenazi ndi zenizeni tisazichepetse. Ine kwathu ndi kufupi ndi paki, ndipo chaka china njovu zinalowa mmunda wa amalume usiku umodzi chimanga chonse chinagona pansi, tinagona panja masabata angapo kumenya zitini ndi kuyatsa moto, tsabola ndiye tinawotcha mpaka maso kuwawa. Munthu amene wakula choncho akamawerenga mabukuwa amaona kuti eni nthaka mulibemo ngati anthu a maganizo awo, amene amadziwa mapazi a nyama, amene amanyamula katundu, amene amalowa patsogolo pakakhala ngozi ndi anthu akuda koma nzeru zonse ndi ulemu zikupita kwa tianyamata tiwiri tochokera ku America, mmodzi sanakwane nkomwe zaka 15 koma akulamula azibambo a ndevu zawo. Ndipo mu African Adventure muja nkhani yaikulu ndi gulu la anthu ovala zikopa za kambuku opha anzawo, nde mwana wa ku London powerenga amangoti Africa ndi imeneyo.

Za kugwira nyama nazo nthawi inasintha. Pangano la CITES loyang'anira malonda a nyama zakutchire pakati pa mayiko linasainidwa mu 1973, mabuku a ku Africa onse aja anali atatuluka kale. Lero kugwira njovu kumene mwana wathu ayenera kukudziwa ndi ngati kuja anasamutsa njovu pafupifupi 500 kuchoka ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, kuzigoneka ndi mankhwala kuchokera pa helikopita, kuzikweza ndi kireni pa malole, osati kukagulitsa kunja koma kuti zikadzaze nkhalango yathu yomwe inatsala pang'ono kutha njovu. Imeneyo si nkhani yoti mwana angawerenge mtima uli phaphapha? Ikungosowa woilemba, mu Chichewa momwe, mwana wa pa Ulongwe kapena pa Chikwawa ndiye akhale mwini nkhani.

Sisi_ku_Joni wayankha:

Achimwene mwalankhula zomwe zinali kukhosi kwanga. Mayi a Chiko ngati mungapeze, muyeseko Lauren St John, iyeyu anabadwira ku Zimbabwe ku Kadoma mu 1966 nthawi imeneyo kunkatchedwa Gatooma, ndipo anakulira pa famu yomwe inali ndi nyama zakutchire mpaka anali ndi kadyamsonga woweta. Anayamba ndi utolankhani wa masewero a gofu ku Britain kenako nkulemba The White Giraffe mu 2006, ndipo lina The Last Leopard nkhani yake ikuchitikira ku mapiri a Matobo. Mmenemo nyama sazigulitsa, akuziteteza, ndipo Chingerezi chake ndi chofewa mwana wanga wamkazi anamaliza loyambalo masiku anayi. Komabe ndinene poyera kuti mwini nkhani ndi mtsikana wachizungu wochokera ku England, nde ludzu lomwe achimwene akunena silikutha kwenikweni, langochepako.

China chomwe ndiwonjezere pa zomwe aphunzitsi anena, a Price atamwalira nkhani ija sinathere pompo, wolemba wina wa ku Britain Anthony McGowan anaipitiriza kuyambira 2012 ndi Leopard Adventure, tsopano ndi ana a Hal ndi Roger, wina mtsikana dzina lake Amazon, ndipo ntchito yawo ndi yopulumutsa nyama osati kuzitsekera mmakola. Kwa ine zimenezi zikuonetsa kuti ngakhale osindikiza okha anaona kuti zogwira nyama zija sizingayendenso kwa ana a lero.

Aphunzitsi_Opuma ayankhanso:

Ana anga nonse mwanena zoona ndipo sindikuikira kumbuyo zolakwikazo. Koma kubisa buku ine ndiye ndikukana, ndaona ana ambiri akutha sukulu asanamalizepo buku limodzi mwa kufuna kwawo, ndipo mwana akapeza lomukoka timugwirire pomwepo. Mkalasi ndinkachita chonchi, tikafika pamene Roger akulamula anthu ndinkaima nkufunsa kuti kodi bambo wonyamula katunduyu akanakhala agogo ako ukanamva bwanji, nanga iyeyo nkhaniyi akanaifotokoza bwanji madzulo kwa ana ake? Ana ankakangana mpaka belu kulira, ena nkulemba nkhani yawoyawo mkope kuchokera kumbali ya wolondola mapazi uja.

Mayi_a_Chiko wayankha:

Zikomo kwambiri nonse, aphunzitsi, achimwene ndi inu asisi. Ndamupatsa la Safari dzulo madzulo ndipo tagwirizana kuti tiziwerenga limodzi chaputala chimodzi tikatha kudya, iye mokweza ine ndikumvetsera. Lero mmawa wandifunsa ngati misampha ya waya ija iliko kuno kwathu, ndamuuza kuti iliko ndipo alonda a mpaki amaichotsa, nde akuti holide ikubwerayi ndimutengere ku Liwonde akaone njovu ndi maso ake, ndayamba kale kufunsa za thiransipoti. La njovu ndi la gorila ndaika pamwamba pa kabati mpaka timalize ili. Asisi ngati mungalione la kadyamsonga lija mmashopu a mabuku akale kumeneko mundiuze mtengo, ndili ndi mlamu wanga amene akubwera pa basi mwezi wamawa.