Defender yathyoka cross ya propshaft yakumbuyo, ndingayende nayo choncho?

Mjomba_wa_Chembe: Anzanga thandizeni maganizo. Ndili ku Monkey Bay ndi galimoto ya Land Rover Defender 110, dzulo pobwera ku Cape Maclear inayamba kugogoda pansi ngati munthu akusinja, titayang'ana cross (joini yooneka ngati mtanda) ya propshaft yakumbuyo (prop, chitsulo chopititsa mphamvu ku matayala akumbuyo) yatheratu, ma needle (tizitsulo ta mu bearing) onse anamwazika. Kuno spare kulibe ndipo ndikufunika ku Lilongwe lachinayi. Makaniko wina akuti tingochotsa prop yonseyo ndiyende ndi matayala akutsogolo okha. Kodi zimenezi zimatheka kapena ndipha giyabokosi?

BamboAkeTadala: Zimatheka achimwene koma mumve bwino apa. Defender si ngati Hilux, iyo imakoka matayala onse anayi nthawi zonse kudzera pa difu yapakati, yogawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, yomwe ili mu transfer box (bokosi la magiya lachiwiri kumbuyo kwa giyabokosi). Mukachotsa prop osakhoma difu imeneyo mphamvu yonse izithawira mbali yomwe ilibe katunduyo, injini izingolira galimoto ili chiimire, mungaganize kuti clutch yapsa. Ndiye kagiya kakang'ono kaja ka transfer box mukakankhire kumanzere mpaka nyali ya diff lock (chokhomera difu) iyake pa dashibodi, musayende isanayake. Anthu amaopa kukhoma diff lock pa tala chifukwa imamanga ma shaft, zoona, koma zimenezo ndi pamene ma prop onse awiri alipo, ikatsala imodzi palibe chokanganirana.

China chomwe ambiri amaiwala ndi handibuleki. Ya Defender sigwira matayala, ndi drum yomwe ili kumbuyo kwa transfer box pomwe prop yakumbuyoyo imamangidwa. Prop ikachoka ndiye kuti ikugwira kudzera kutsogolo basi, ndipo diff lock ikangomasuka mulibe handibuleki olo mutakoka mpaka kumwamba. Poimika siyani mu giya ndi mwala pa tayala. Ma nati anayi omangira prop aja muwabwezere pa drum mukachotsa prop. Sipanala yake ndi 9/16, ya 14 imalowa koma imakonda kudya mitu ya nati.

Chimz_Area25: ine Hilux yanga ndinayenda nayo miyezi itatu yopanda prop palibe chinachitika, musamuopseze munthu

BamboAkeTadala: Ndi iti munachotsa aise? Ngati inali yakutsogolo ndiye palibe nkhani, Hilux ili mu 2H (giya ya matayala awiri) imayenda ndi kumbuyo kokha, prop yakutsogoloyo imangokhala mlendo. Mukadachotsa yakumbuyo mukadafunika kulowetsa 4H (giya ya matayala anayi), ndipo ngati ili ya ma hub okhoma pamanja kutsika kukakhoma kaye.

Chimz_Area25: eya inali yakutsogolo kkkk pepani

MayiFundi: Ndiwonjezere za msewu. Musadzere Golomoti kukwera Khwekhwerere chonde, makona aja ndi chitunda chija katundu yense akhala pa ma CV joint (majoini a shaft pomwe matayala amakhotera) akutsogolo, komanso pokwera kulemera kumapita kumbuyo ndiye matayala okokawo amapepuka nkuyamba kupalasa. Zungulirani pa Salima, ndi kutali pang'ono komanso kukwera kulipo ndithu koma kofatsa. Amuna anga zinawachitikira ndi Discovery, ankanyamuka pa junction chiwongolero atakhotetsa mpaka kumapeto nkuponda mafuta mwamphamvu, tinangomva phwaa, CV yapita, tinagona pa filling station ana akulira ndi udzudzu usiku wonse. Nyamukani mofatsa, sipidi isapitirire 60 kapena 70, ngolo osakoka, ndipo matumba a usipa aja ngati mwagula atumizeni pa basi.

Musanamasule lembani chizindikiro ndi choko kapena penti pa flange (pomwe prop imamangidwa ndi ma nati) kuti pobwezera ikhale mmene inalili, apo bii izinjenjemera. Ndipo prop yo musaisiye kwa makaniko, muinyamule, ku Lilongwe angosintha cross yokha.

Mjomba_wa_Chembe: Zikomo nonse. Tachotsa, poyamba nyali imakana kuyaka mpaka tinaikankha pang'ono mmbuyo ndi mtsogolo ndiye inalowa. Ndayesa mpaka pa roundabout nkubwerera, ikuyenda koma chiwongolero chikukoka ndikaponda mafuta, ndi mmene zimakhalira?

BamboAkeTadala: Eya ndi choncho, matayala okhota ndi omwewo akukoka. Pondani pang'onopang'ono basi. Mukafika muonetsenso cross inayo ndi za prop yakutsogolo, kawirikawiri imodzi ikafa ndiye kuti zonse zinakhala nthawi yaitali osaona girisi.