Ndikufuna kuboola bokosi la kompyuta kuti ndiikepo fani ya mamilimita 120: ndiboole pati, ndipo ndi chida chanji?

Akuluakulu a pa gulu lino, ndikupempha nzeru kwa amene munaboolapo bokosi la kompyuta. Ndili ndi kashopu ku Zingwangwa komwe ndimakonza makadi a ukwati ndi mavidiyo a zinkhoswe, ndipo ntchito yonseyi imadalira kompyuta imodzi ya padesiki imene ndinagula ku Limbe itagwirapo kale ntchito. Nditaiwonjezera graphics card (khadi yoyendetsa zithunzi ndi mavidiyo) sinandivute konse m'miyezi ya chiperoni, koma chiyambire kutentha kwa Okutobala, ndikangoyamba kukonza vidiyo yaitali pulogalamu ya HWMonitor imaonetsa kuti purosesa yadutsa madigiri 90, makinawo amayamba ulesi, ndipo kawiri konse azima okha ntchito ili pakati.

Bokosilo lili ndi fani imodzi ya mamilimita 80 kumbuyo, kupatula ya pa purosesa ndi ya mu power supply. Pakadali pano ndimachotsa chitseko cha m'mbali n'kulozetsamo fani ya patebulo, ndipo kutentha kumatsikadi, zomwe zanditsimikizira kuti m'katimo mukuchepa mpweya. Kungoti shopuyo ili m'mphepete mwa msewu wafumbi, moti pakatha sabata imodzi motherboard (bolodi yaikulu pomwe pamalumikizidwa zipangizo zonse) imakhala itafiira.

Ndagula fani ya mamilimita 120 ya mavoti 12, yokhuthala mamilimita 25, ndipo ndayeza kuti mabowo a masikuluwu ake atalikirana mamilimita 105. Maganizo anga ndi oti ndiiike pa chitsekocho moyang'anizana ndi graphics card, koma pamwamba paliponso malo, ndipo sindikudziwa ngati iyenera kulowetsa mpweya kapena kuutulutsa.

Chimene chikundiopsa kwambiri ndi chida. Chitsulo cha chitsekocho n'chopyapyala, sichifika ngakhale milimita imodzi, ndipo ndikachiwononga china chofanana nacho sindingachipeze. Kalipentala woyandikana nane ali ndi dirilo ndipo walola kundibwereka, koma hole saw (sowo yozungulira yomangirira ku dirilo) yaikulu chotero alibe. Bambo wina wowotcherera anandiuza kuti ndi girayinda atha kudula m'mphindi ziwiri. Ndinawathokoza n'kubwerera, chifukwa ndinaonapo mmene girayinda imapserezera penti ndi kupinditsa lata. Kodi ndipite nacho kwa okhoma zidebe ku msika wa Ndirande, kapena ilipo njira yoti ndiboole ndekha bowo lozungulira bwino?

Yankho la mmisiri wokonza makompyuta ku Chirimba:

Achimwene, girayindayo mwachita bwino kuikana. Hole saw yoyenera fani yanuyo ndi ya mamilimita 114, koma pa chitsulo chopyapyala imafuna dirilo yotha kuzungulira pang'onopang'ono, ndipo mano ake akangogwira mbali imodzi imakutembenuzani dzanja kapena kukwinya chitsekocho. Pa bowo limodzi lokha sindikulangizani kuti muigule.

Njira imene ine ndimagwiritsa ntchito ndi yochedwa koma yosawononga. Chotsani chitsekocho, mupite nacho panja, kutali ndi kompyuta, mumate tepi ya mapepala pamalo ponse pamene mudule kuti penti isakandike. Gonekani faniyo pa tepipo, mulembe mabowo anayi a masikuluwu ndi mzere wozungulira wa m'kati mwake. Mabowo anayiwo muyambe ndi iwo chitsulo chikadali cholimba, ndipo paliponse muyambe mwakhomapo kachizindikiro ndi msomali kuti dirilo isatsetsereke. Kenako panikizani chitsekocho pa thabwa, muboole timabowo tambiri toyandikana motsatira mzerewo chakum'kati pang'ono, n'kudula timilatho totsalato ndi sizasi ya malata. Pakamwa pa bowolo padzatuluka ngati mano a sowo, ndipo apa m'pamene pamafunika tupa yozungulira mbali imodzi ndi kuleza mtima kwa ola lathunthu. Mukamaliza pakanipo penti, chifukwa chitsulo chodulidwa chimachita dzimbiri mvula ikayamba, ndipo m'maso muvalemo magalasi.

Chinthu chimodzi musachinyozere: tinyenyeswa ta chitsulo. Kamodzi kokha kakagwera pa motherboard katha kulumikiza timizere ta magetsi n'kuotcha zonse. N'chifukwa chake pamwamba sindikupafuna, pakuti kuti muboolepo muyenera kutulutsa motherboard, hard disk ndi power supply, pomwe chitseko chimachoka chokha. Chitsukeni ndi kuchiumitsa musanachibwezere.

Yankho la membala wina wa ku Chilomoni:

Ndikugwirizana ndi amisiriwo, koma ndiwonjezere za mpweya. Pa chitseko faniyo ilowetse mpweya, isatulutse. Pamene mpweya wolowa ukuchuluka kuposa wotuluka, wotsalawo umatulukira m'ming'alu yonse ya bokosi, choncho fumbi limalowera malo amodzi okha amene mungathe kuikapo sefa; mukaitembenuza, bokosilo lizikoka fumbi la msewu wanuwo pa kabowo kalikonse. Mafani ambiri ali ndi timivi tiwiri m'mbali, kamodzi kosonyeza kumene mapiko amazungulira, kena kumene mpweya umapita, ndipo ngati palibe, dziwani kuti mpweya umatulukira mbali imene kuli timipiringidzo togwira mota.

Komabe musanadule chilichonse, kodi thermal paste ya pa purosesa (phala lopaka pakati pa purosesa ndi chitsulo choiziziritsa) munaisinthapo chigulire? Madigiri 90 mwatchulawo ndi a purosesa, osati a graphics card, ndipo pa makina akale paste imakhala itauma ngati dothi. Yang'ananinso kumbuyo kwa fani ya mamilimita 80 ija: mabokosi ambiri otchipa ali ndi timabowo ting'onoting'ono totchinga mpweya wambiri, ndipo kudula chotchingacho n'kuikapo cha waya ndi ntchito yaing'ono.

Wofunsa uja:

Zikomo kwambiri nonse awiri. Paste sindinaisinthepo, ndipo ndachita manyazi kuti sindinaiganizire. Ndiyamba ndi imeneyo Loweruka, kenako ndiyezenso kutentha chitseko chili chotseka. Nditawerenga mayankho anu ndayeza mpata wa pakati pa chitseko ndi m'mphepete mwa graphics card, ndipo ndapeza mamilimita 30 okha, kutanthauza kuti faniyo ikalowa m'kati patsala mamilimita 5, osawerengera chingwe cha magetsi cha khadiyo chimene chimatulukira mbali yomweyo. Kodi pali cholakwika ndikaimangirira kunja kwa chitseko n'kulowetsa waya wake pa kabowo kapadera? Ndipo pa sefa, kodi chidutswa cha neti ya udzudzu chingagwire fumbi losalala ngati la kwathu kuno, kapena ndifune nsalu yothinana kuposa pamenepo ngakhale ichepetse mpweya?