Amalume akufuna kudula munda wa agogo kukhala maploti, ndichite bwanji?

Akuluakulu a pagulu pano, ndigawireni nzeru. Kwathu ndi kwa Njewa, chakumsewu wa Mchinji. Tili ana, kupita ku Lilongwe unali ulendo wokonzekera, pano tauniyo yatipeza yokha. Komwe tinkadyetsa mbuzi kwadzaza mipanda ya njerwa, kanjira ka kumjigo kanatsekedwa ndi geti moti amayi amazungulira ndi ndowa pamutu. Ngakhale kudambwe mpanda wa munthu wafika pafupi.

Tili ndi munda wa agogo aakazi, womwe amayi ndi amayi aang'ono amalima. Amalume, monga mwini mbumba, akuti tiudule maploti tigulitse mtengo udakali wabwino, poti chimanga chimabedwa chili chachiwisi. Zakubazo sakunama. Koma iwowo ali ndi munda wina kuchikamwini kwawo. Ife tikagulitsa tizidya ufa wa m'timajumbo mpaka liti? Pepala la malowa tilibe, malire ake ndi nkhadze ndi mitengo iwiri ya mango. Ndiwaletse bwanji popanda kuoneka mwana wamwano?

Mayi wina wa ku Lumbadzi: Mwanawe, usalimbane nawo wekha. Mwini mbumba ndi woyang'anira, mundawo ndi wa alongo ake ndi ana awo. Amayi ako ndi ang'ono awo ndiwo aitanitse bwalo la pabanja, kenaka apite kwa amfumu akanene poyera kuti sakugulitsa. Wogula akamva kuti pali mkangano amathawa yekha.

Bambo wina: Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola kulembetsa malo otere kudzera ku komiti ya malo ya m'mudzi, ndipo mutha kulembetsa ngati banja. Kafunseni ku ofesi ya DC ngati kwanuko zinayamba. Chitani changu, nkhadze munthu amazula usiku umodzi.

Mnyamata wina: Ine ndiye ndikuti amalume akuona patali. Chimanga pakati pa mipanda? Gulitsani mbali imodzi, mumange nyumba za lendi kwinako.

Mwini funso: Achimwene, oyandikana nafe ananenanso zomwezo za lendi, ndalama zinathera pa njinga yamoto ndi malata. Pano amagwira ganyu yoponya njerwa pamunda wawo womwe. Amayi a ku Lumbadzi, nanga amfumu akapezeka kuti amalume anawafikira kale, tikadandaule kwa gulupu kapena tipite kwa T/A?