Kodi alawansi ingasunge aphunzitsi a ana aulumali kuno ku Kasungu?

Nabanda:
Anzanga a zamaphunziro, tithandizane nzeru. Aphunzitsi omwe amakachita dipuloma yophunzitsa ana aulumali ku koleji ya Montfort, ku Chiradzulu, akabwerako ena sakhalitsa ku pulayimale. Amapita ku CDSS kapena ku mabungwe, ana n'kutsala opanda wowaphunzitsa Braille (zilembo za anthu osaona) ngakhale chinenero chamanja. Boma litaika alawansi yapadera, zingasinthe? Nanga iziperekedwa bwanji?

Phiri wa ku Santhe:
Zingasinthe, mayi, koma alawansiyo ikhale ya ntchito, osati ya satifiketi. Mukaimangirira pa pepala, munthu azilandira ali mu Sitandade 5 wamba, resource room (chipinda chophunzitsira ana aulumali) ili chitsekere. Mphunzitsi wamkulu azilemba kaundula wa ana ndi ulumali wa aliyense, PEA (mlangizi wa masukulu a m'zoni) azitsimikiza teremu iliyonse, ofesi ya DEM (mkulu wa maphunziro m'boma lino) izitumiza mayina kumalipiro. Wasamuka, dzina lichoke mwezi womwewo. Izilowanso limodzi ndi salale, chifukwa ikamabwera payokha imachedwa ndipo mayina ena amasowa. Komanso ikhale peresenti ya malipiro. K10,000 ya alawansi yakumidzi ija inatsala pati kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023?

Aphunzitsi Mwale:
A Phiri mwanena zoona, koma chimene chimathawitsa anthu kwambiri ndi giredi. Munthu wachita dipuloma, n'kubwerera pa PT4, giredi yoyambira ya kupulayimale, pomwe anachoka, pamene mnzake wa kusekondale ali patsogolo. Penshoni amawerengera pa salale, alawansi silowamo. Ndiye wanzeru aliyense asankha giredi. Pafunika maudindo okhazikika a aphunzitsi amenewa ku pulayimale komweko, oti munthu azikwera osasiya ana. Wotumizidwa ku Montfort ndi boma asayinirenso kuti adzagwira zaka zingapo m'boma lomwe lamutumiza, koma mgwirizanowo uzibwera limodzi ndi kukwezedwa, usakhale goli chabe.

Nachisale:
Musaiwale aphunzitsi oyendayenda. Mmodzi amayang'anira masukulu angapo m'zoni, ndipo nthawi yadzinja misewu ya ku Chulu kapena Simlemba njinga yakapalasa siyendamo. Mafuta ndi kukonzetsa njinga yamoto zikhale pa bajeti yakeyake. Mukaziphatikiza mu alawansi, ndiye kuti mphunzitsi akulipirira yekha ntchito ya boma, ndipo maulendo adzachepa.

China, ntchito yambiri ya aphunzitsi a ana aulumali sioneka pa ndandanda wa maphunziro. Pa sukulu ya ana osaona ngati ya Chilanga, mwana akalemba mu Braille wina ayenera kumasulira m'zilembo wamba kuti mphunzitsi wa phunzirolo achonge, mayeso nawonso ayenera kulembedwa mu Braille nthawi isanakwane. Zonsezi zimachitika anzake ataweruka. Makina a Perkins olembera Braille akawonongeka kapena pepala lolimba la Braille likatha, ntchito ya ola limodzi imatenga tsiku, akuboola pamanja ndi kachitsulo kosongoka (stylus) kadontho kamodzikamodzi. Alawansi iyambire pa maola amenewo.

Nabanda:
Zikomo nonse. Nanga uja wophunzitsa kalasi ya ana 100, atatu mwa iwo osamva, iye asanapiteko ku Montfort, nayenso alandireko kapena ayi?