Corolla yozungulira pa sitata osalira, koma ikakankhidwa imalira

Wapagalaja: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi galimoto ya Toyota Corolla ya injini ya 1NZ-FE. Sitata ikuzungulitsa injini bwinobwino koma siikugwira. Mukaikankha mu giya 2 ikulira pompo, ndipo ikuyenda popanda kuphonya. Mwini wake anasintha yekha mapulagi ndi batire, osathandiza. Nthawi zina ikumagwira ndendende pamene ukusiya kiyi.

Wamasensa: Yambani ndi sensa ya crankshaft, achimwene. Makina oyezera akuonetsa P0335, nambala ya vuto la sensayi?

Wapagalaja: Palibe nambala ya vuto iliyonse.

Madala Amagetsi: Sensa ija ikanakhala yakufa, kukankha sikukanailiza. Pampu ya mafuta nayo ndi yamoyo, poti galimoto ikuyenda. Funso ndi lakuti n'chiyani chikusintha pakati pa kukankha ndi kuliza ndi kiyi. Pokankha, kiyi amakhala pa ON ndipo sitata siikudya moto. Ndiye pali ziwiri: mwina sitata ikukoka moto wonse mpaka kompyuta ya injini ikuzima, kapena suwichi ya kiyi ikudula moto wa makoyilo (opereka moto ku mapulagi) kiyi akafika pa START. Batire yatsopano isakunamizeni. Ikani mita pa mitu yake, wina alize. Isanalizidwe izionetsa cha m'ma 12.6V, ndipo pozungulitsa isatsike kupitirira 9.6V. Kenako muyese pakati pa negativu ndi thupi la injini, sitata ikuzungulira. Mukapeza zoposa 0.3V, waya wa ethi, wolumikiza negativu ku thupi la injini, wachita dzimbiri kapena wamasuka.

Wapagalaja: Ndayesa madala. Yangokhala ikuonetsa 12.5V, pozungulitsa 10.7V. Ethi 0.1V.

Madala Amagetsi: Ndiye batire, sitata ndi ethi zilibe mlandu. Tsopano pitani pa koyilo imodzi. Pulagi yolumikizira magetsi ake ili ndi mawaya anayi: wa moto, wa ethi, IGT ndi IGF. Gwirani wa moto yekha ndi tesita ya babu, kuseri kwa pulagi osaizula. Awiri a IGT ndi IGF musawakhudze ndi babu, amapita ku kompyuta. Yang'anitsitsani babulo pa ON, pa START, komanso pamene kiyi akubwerera.

Wapagalaja: Pa ON layaka. Pa START lazima kotheratu! Ndikasiya kiyi likuyakanso. Ndikamapotoza pang'onopang'ono pali pamalo pena pomwe likuphethira.

Madala Amagetsi: Basi, ndi suwichi imeneyo. Pa Toyota makoyilo ndi ma injector amadyera pa mzere wa IG2, umene uyenera kukhala ndi moto pa ON ndi pa START pomwe. Timkuwa ta m'kati tikaperepeseka, kiyi akapitirira timalekana. N'chifukwa chake imagwira mukamasiya kiyi: moto umabwerera injini isanaleke kuzungulira. Musanagule, tsimikizirani pa pulagi ya suwichi yeniyeniyo. Ngati moto ukulowa pa AM2, waya wobweretsa moto ku suwichi, koma sukutuluka pa IG2 pa START, nkhani yatha. Ukapezeka kuti ukuzimira pa AM2 pomwepo, onani fyuzi yake ndi pokhalira pake.

Wamasensa: Bwanji kungokoka waya kuchoka ku batire, n'kuika kasuwichi pambali? Ambiri amatero.

Madala Amagetsi: Poyesera kwa mphindi imodzi, ndi fyuzi pakati, ndingalole. Koma kumubwezera munthu galimoto yotero, ayi. Akaiwala kasuwichiko batire ikutha usiku umodzi, ndipo akazimitsa kiyi injini siizima. Waya wopanda fyuzi pansi pa chiwongolero ndi moto woyembekezera. Chomwe chafa ndi mbali ya magetsi yokha, yomangidwa ndi timasikuluwu kumbuyo kwa loko. Loko ndi kiyi zisiyeni, makamaka ngati galimotoyo ili ndi immobiliser, chipangizo choletsa injini kulira ndi kiyi wachilendo. Chotsani negativu, dikirani masekondi 90 chifukwa cha airbag, kenako mutsegule zophimba.

Wapagalaja: Moto ukulowa pa AM2, sukutuluka. Ndaika suwichi ina, galimoto ikulira kamodzin'kamodzi. Yakaleyo ndaitsegula, kamkuwa kamodzi kada bii ndipo pulasitiki yozungulira yasungunuka. Madala, kupsa kotereku si chizindikiro choti pali china chikukoka moto wambiri pa mzerewu?

Madala Amagetsi: Zingatheke. Onani ngati wina sanalumikizepo wailesi kapena alamu pa waya wa IG2. Mukapeza, chotsani mukadyetsere pa relay yakeyake.